Thanki Yodzaza pa Manjawira

Lolemba, 9 Januwale 2023

Tafika ku Malawi koma kwathu ku Mlangeni sitinafike. Kalavani yatifera pa Manjawira, pamsewu penipeni. Amuna ena atithandiza kuikankhira kuseri kwa golosale ya mayi wina, dzina lake Asma. Mayi wamfupi, wolankhula mofulumira. Amuna ake ali ku Tanzania kokapikula katundu.

Amuna anga, a Fabiano, akhumudwa kwambiri. Zaka 19 pa famu ku Limpopo, bwana pogulitsa famu n'kuwapatsa galimoto yakaleyi, ndiye ankafuna alowe nayo m'mudzi akuimba hutala. Bedi, kachitofu, kasinki, chimbudzi, zonse mkati. Lero yagona kuseri kwa golosale ngati ng'ombe yothyoka mwendo.

Chondidetsa nkhawa ine ndi thanki ya pansi pa chimbudzi. Ku Joni tinkakhuthula pamalo ogona apaulendo, pamakhala dzenje lake la simenti, umangolumikiza paipi basi. Komaliza tinakhuthula ku Musina, masiku asanu apitawo. Kanyali kosonyeza kudzaza kwa thankiyo kafika pa chikasu.

Asma wati, "Khalani, koma madzi oipa musataye pano. Mjigo wathu si uwo." Ndayang'ana. Kuchokera pamene taima, nthaka ikutsetsereka mpaka pa mjigopo.

Lachiwiri, 10 Januwale

Makanika wati kilachi yapsa. Ina ichokera ku Blantyre, mwina Lachisanu, mwina sabata yamawa.

Mvula kuyambira m'mawa. Chimbudzi cha Asma chadzaza madzi mpaka m'kamwa, khoma lake lang'aluka. Cha pamsika chinagwa sabata yatha. Ndiye tikugwiritsabe chathu.

Anthu akumabwera kudzasuzumira pazenera. Ndamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Akuti amadzithandizira momwe amagonamo. Za ku Joni izo." Aseka. Inenso ndaseka pang'ono kuti asandione ngati wonyada.

Pa wailesi nkhani ndi ya kolera yokhayokha.

Lachitatu, 11 Januwale

A F. ayamba kutsegula m'mimba kutangocha. Pofika masana ndinali nditasiya kuwerenga. Zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Akusanzanso. Ndikudziwa chimene chili, koma dzanja likukana kulemba dzina lake pafupi ndi dzina lawo.

Ndati tipite kuchipatala. Andigwira mkono. "Dailes, usauze munthu. Wamva zimene anthu akuchita kwina akaganiza kuti wawabweretsera matenda. Atiotchera galimoto. Mawa ndikhala bwino." Ndatseka makatani onse. Ndawasungunulira mchere ndi shuga, akumwa, zikubwerera.

Asma anagogoda cha m'ma 3 koloko ndi mbale ya mbatata. "Abambo sanatuluke lero bwanji?" Ndati atopa ndi ulendo. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Ndamunamiza munthu amene watipatsa malo.

Kanyali kafiira.

Lachinayi, 12 Januwale

M'mawa maso awo anali atalowa mkati, mawu osamveka. Ndinatsina khungu la padzanja, linangoima osabwerera. Ndinathamanga opanda nsapato.

"Mayi Asma, ndinakunamizani. Amuna anga akufa."

Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda matumba a shuga. Ndinaganiza kuti akuwa. Koma anatenga foni n'kuimbira mlamu wake wa pikapu. Tinawagoneka kumbuyo pa pulasitiki. Njira yonse mpaka kuboma ndimangowaitana dzina kuti asagone.

Ali mu tenti ya odwala kolera, dripi mikono yonse iwiri. Namwino wati tikanachedwa mpaka madzulo tikanabwera ndi maliro. Sakulola aliyense kukhala nawo. Kenako wandifunsa, "Zonyansa zawo munataya kuti?" Ndati sindinataye, zili mu thanki ya galimoto. Wasiya kulemba. Wati atumiza uthenga kwa azaumoyo a kudera lathu, koma ali ochepa, midzi ndi yambiri.

Pobwerera ndapeza pansi pa kalavani pakudontha. Chotsekera paipi sichikugwira bwino. Tho. Tho. Tho. Dothi lanyowa kale malo aakulu ngati mbale. Thanki yadontha kuyambira liti? Mvula ya masana yatenga zingati?

Ndafukula dothilo ndi fosholo ya Asma, ndaliika mu thumba. Ndatchera beseni. Ndamanga nsanza, sizikuthandiza.

Lachisanu, 13 Januwale

Tsiku lonse kufunafuna pokhuthulira.

Beseni likumadzaza pakatha maola anayi. Ndikumathira mu zidebe za penti zokhala ndi zivindikiro. Ndili nazo zitatu zokha. Chimodzi chadzaza. Asma wandilonjeza kuti aziyang'ana beseni ndikachoka, koma kuligwira ayi. Sindikumuda.

Pomwetsera mafuta mwamuna wogwira ntchito pamenepo anayamba waseka, sanamvetse kuti galimoto ingakhale ndi chimbudzi. Nditatchula matendawo anandiuza ndiime kutali, nditsike pa simenti yawo.

Pa malo ena ogona alendo pali thanki yaikulu ya pansi, yokhala ndi chivindikiro. Ndinachiona ndi maso anga chivindikirocho. Ndinagwada. Mwini wake wati, "Amayi, mukufuna alendo anga athawe onse? Pepani."

Kuboma andipatsa nambala ya anthu a galimoto yopopa zimbudzi. Ali ku Lilongwe, ntchito yawachulukira, akuti mwina pakatha masiku khumi.

Pobwera ndakumana ndi bambo wina wa ngolo. Nkhani yanga waimva kale, ndiye kuti Manjawira yense waimva. Wati ali ndi migolo iwiri, tithiremo, akataye kumtsinje. "Mtsinje wadzaza, madzi amanyamula zonse, palibe adzadziwe." Ndilembe zoona, buku ili ndi langa: pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndivomere. Kenako ndinakumbukira amayi aja ndinawaona pa mlatho dzulo akuchapa ndi kutunga kumunsi, wina ali ndi khanda kumbuyo. Ndakana. Wati, "Ndiye imwani nokha."

Madzulo mwala wagwera padenga la kalavani. Kenako wina. Sindinatuluke. Sindinaone woponya.

Ndaimbira achimwene a F. ku Mlangeni. Akuti abwera zinthu zikakhala bwino.

Loweruka, 14 Januwale

Mayi wogulitsa tomato pafupi ndi mjigo wadwala. Amutengera kuchipatala m'mawa.

Nditamva, ndinakhala pansi pamatope. Ndine kodi? Ndi Lachitatu lija ndinatseka makatani?

Cha m'ma 10 anthu anayamba kusonkhana. Poyamba chapatali, kenako pafupi. Amuna kutsogolo. Wina anali ndi chigubu chachikasu, fungo la petulo linafika mpaka mkati. Ndinamva: "Achoke!" "Abweretsa imfa a ku Joniwa!" "Ingoyatsani!" Ndinatenga mapasipoti ndi Baibulo, ndinaika m'chitenje.

Asma anatuluka m'golosale n'kudzaima pakhomo la kalavani. Mawu ake ndi aang'ono koma akuthwa. "Malo ano ndi anga. Woyatsa moto ayambire golosale, ndimuone nkhope."

"Mukuikira kumbuyo alendo, mayi?"

"Ndikuikira kumbuyo khoma langa. Iwe Umar, chigubucho ika pansi, amayi ako ndimaswali nawo limodzi kumzikiti."

Sanaike. Koma sanasunthe.

Ndi pamene panafika njinga yamoto. Mayi wazaumoyo, a Salome, yunifolomu yonyowa, majombo odzaza matope. Sanapereke moni kwa aliyense. Anagwada n'kuyang'ana pansi pa galimoto, anaona beseni, zidebe, thumba la dothi. Anandifunsa kuti zonsezi ndachita ndekha? Ndati inde. Anafunsa ngati ndataya kwina kulikonse. Ndati ayi, koma thanki inadontha mwina tsiku limodzi ndisanaone, ndipo ndinabisa matenda tsiku lathunthu. Ndinanena mokweza, onse anamva. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinatopa.

Panali phokoso. Wina anafunsa ngati mayi wa tomato wadwala chifukwa cha ine.

A Salome anati, "Sindikudziwa. Inunso simukudziwa. Anali ku maliro Lachiwiri, kumene kwadwala anthu anayi. Mwina ndi uko, mwina ndi kuno. Mjigo ndautseka mpaka tiuyeze." Kenako analoza chigubu chija. "Yatsani. Thanki ndi ya pulasitiki. Isungunuka, zonse zili mkatimo zitsikira uko." Analoza mjigo. Onse anatembenuka kuyang'ana kutsetsereka kwa nthaka, ngati akukuona koyamba.

"Ndikufuna dzenje lakuya, pamtunda, kutali ndi madzi. Ndani ali ndi munda kumtunda?"

Ndiye Asma: "Wanga uli kuseri kwa chulu uko. Chimanga chake chaonongeka kale, zulani."

Akumba amuna asanu mpaka dzuwa kupendeka. Umar yemwe uja anali m'gulu. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Lamulungu, 15 Januwale

Sindinapite kutchalitchi. Ndani akanakhala nane pa benchi?

A Salome anabwera ndi klorini wa ufa, magolovesi ndi majombo. Anathira klorini mu thanki kudzera m'chimbudzi, tinadikira. Kenako ine kutsegula chotsekera pang'onopang'ono, ndowa ikafika pakati kutseka, kuvindikira, kunyamula. Iwo kumbuyo kwanga ndi chopopera, kupopera paliponse pamene ndaponda. Anakana kuti wina aliyense agwire ndowa.

Kukafika kumunda ndi mtunda. Njira yake imadutsa kuseri kwa msika. Anthu anaima m'mbali, atatseka mphuno ndi zitenje. Ulendo woyamba ndinkayang'ana pansi. Wachisanu ndinalibenso mphamvu zochitira manyazi.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri ndinaterereka pamatope. Ndowa sinagwe koma chivindikiro chinatseguka, zinandithira pamkono ndi pachibwano. A Salome anandisambitsa ndi madzi a klorini pomwepo, anthu akuona. Maso akuwawabe.

Maulendo khumi ndi umodzi, kuphatikiza zidebe zitatu zija ndi thumba la dothi. Tinatsuka thanki kawiri. Anathira klorini m'dzenje, amuna aja n'kukwirira. Pamwamba aikapo minga.

Kanyali kabwerera pa kobiriwira. Ndinakhala n'kumangokayang'ana.

Madzulo namwino anandipatsa a F. pa foni. Mawu ngati a nkhalamba, koma awo. Amwa phala. Afunsa za galimoto. Ndati ilipo. Afunsa za ine. Ndati ndilipo. Mayi wa tomato ali mu tenti yomweyo, bedi lachitatu kuchokera pa iwo. Akuti akadali pa dripi koma akulankhula.

Msana wathyoka.

Lolemba, 16 Januwale

Ndadzuka m'mimba mukulira. Ndinadziuza kuti ndi njala, kapena fungo la klorini. Cha m'ma 7 zayamba. Kamodzi. Kenako kawiri. Ndagwiritsa ndowa ya chivindikiro, ndathiramo klorini wotsala. Mu thanki muja ayi.

Ndinakhala pa bedi, makatani ali otseka kuyambira Lachitatu. Ndinaganiza za mawu a dzana aja, ingoyatsani. Ndinaganiza kuti ndidikire pang'ono ndione.

Ndatuluka. Ndinaima patali ndi khomo la golosale, m'katimo muli ogula atatu.

"Mayi Asma, zandiyamba."

Ogula aja anatuluka mothamanga. Asma anangoti "Allah" pansipansi. Wabwera ndi botolo la madzi owiritsa, wathiramo paketi ya thanzi yobwezeretsa madzi m'thupi, waliika pansi pakati pa ine ndi iye. "Imwani. Musasiye kumwa." Waimbira mlamu wake, waimbiranso a Salome za ndowayo.

Ndamupatsa makiyi a kalavani, wawaviika mu klorini n'kuwamanga pa nsonga ya mpango wake. Ndamuuza kuti atsale, lero anthu ogula ndi ambiri.

Ndikulemba nditakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, miyendo ikukokana. Kumbuyo kwanga ndikumva Asma akutsitsa chitseko chachitsulo cha golosale. Akufunafuna loko. Pikapu ija yatulukira pa kona.