Tizitsulo ta makina oyezera chivomezi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ndirande tonse tilipo, ndipo mayi chifuwa chija chinawasiya.

Mwezi watha bwana wa ofesi ina anandibweretsera makina akale oyezera chivomezi, tizitsulo take titatu titadyeka. Ndinasula tina ta mkuwa, masiku anayi ndikupala ndi tupa mpaka zala kuchita matuza. Makinawo anayambanso kugwira ntchito.

Nditapita kukawapereka ndinapeza kuli alendo. Bwanayo anawauza ine ndili pomwepo kuti, "Tizitsuloti taitanitsa kunja, kuno palibe angathe." Kenako anandituma kuti ndikatenge mipando. Zinandinyansa achimwene, moti ndinangotuluka osatsanzika.

Mukamva kuti kumeneko akufuna wosula zitsulo mundiuze, ndibwera. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Fanuel