Maliro Sanakane, Mafuta Ndiwo Anatha

Ackim mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi onse ku Chileka. Kodi amayi miyendo ija ikuwavutabe? Ine kuno ku Joni ndilipo, kungoti kwazizira koopsa ndipo chimfine chandigwira sabata yathunthu. Ntchito ndi yomwe ija yomanga matayala pagalaja. Moni ndathera pomwepa, chifukwa ndakukwiyira kwambiri.

Pikapu ija ndinakutumizira ili ndi matayala ake abwinobwino. Iwe unachotsa n'kuika zimatayala zangati za thirakitala, kuti anthu pa Lunzu azicheuka ukamadutsa. Ndinakuuza pafoni kuti tayala lalikulu ndi lolemera, injini imavutika kulizunguza, ndiye imamwa mafuta kuposa kale. Unandiseka n'kunena kuti ndakalamba. Ine matayala ndimawagwira tsiku ndi tsiku, iwe umangodziwa kuwapukuta.

Tsiku lonyamula maliro a alamu athu a Mabvuto, amuna awo a chemwali athu a Fyness, unathira chigubu chimodzi cha malita asanu, poti kale chinkakwana kuchoka ku Chileka kukafika kwawo ku Lirangwe. Kale limenelo linali la matayala ang'onoang'ono. Ndi bokosi, amayi oimba ndi zimatayala zakozo, galimoto inazima mutatsala pang'ono kufika.

Zotsalazo wandiuza ndi Useni wa kabaza, ndiye usayambe n'komwe kukana. Akuti unatsegula boneti, n'kugwiragwira mawaya, n'kuuza anthu kuti sukuona vuto lililonse. Manyazi onena kuti mafuta atha anakukulira. Akuchimuna atamva zimenezo anati basi, malemu akukana kupita, m'galimotomo muli munthu amene akudziwapo kanthu pa imfa yawo. Anawatsitsa a Fyness n'kupita nawo pansi pa mtengo wa mango kukawafunsa, gulu lonse n'kulondola. Mpata umenewo ndi umene unathirira mobisa mafuta amene unamutuma Useni kuti akubweretsere panjinga yamoto. Akuluakulu atalamula kuti a Fyness atsale, unangopotokola kiyi kamodzi galimoto n'kulira. Anthu anagwedeza mitu, ati adzionera okha.

Chemwali ako anayenda wapansi, n'kukafika kumanda atakwirira kale. Sanaponye ngakhale kadothi pabokosi la amuna awo, amene anawadwazika miyezi isanu ndi iwiri. Iwe unali pomwepo, makiyi akulendewera m'chiuno, uli duu. Lero ku Chileka ana awo akutchedwa ana a mfiti, ndipo pamjigo azimayi akumasuntha ndowa a Fyness akafika. Chemwaliwo pafoni amangolira, mpaka kundifunsa ngati mwina analakwiradi malemu osadziwa. Zandiwawa, Ackim, ndipo ndikuchita manyazi kuti ine ndi iwe tinayamwa bere limodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka likubwerali akuchimuna akubwera kudzakhala pansi ndi amalume pa nkhaniyi. Udzaimirire pamaso pa onse, chigubu chija chili m'manja, udzanene kuti maliro sanakane, mafuta ndiwo anatha. Matayalawo usawachotse kaye, anthu adzawaone ndi maso awo. Ukadzapanda kuyankhula iwe, adzayankhula Useni, ndipo makiyi udzawasiye kwa amalume tsiku lomwelo. Ndinagula galimotoyo kuti izinyamula abale, osati kuwasiya pamsewu.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa amalume, kwa mlamu wanga Elsie ndi kwa ana onse. A Fyness usawapatse moni wanga, ndiwaimbira ndekha. Pakamwa pakopo akudikirapo mawu ena.

Ndine mkulu wako,
Sankhani