Kiyi ya Selina

Lolemba, 6 Malichi 2006

Pokonzekera kwaya lero a Mhango, otiphunzitsa nyimbo, apereka solo ya Lamlungu kwa Selina. Selina yemweyo wa ku Zolozolo, wa chaka choyamba pakoleji pathu, amene nyimboyo ndinamuphunzitsa ndine m'chipinda changa ku Luwinga kuno. Atamaliza kuyimba, a Mhango anatseka maso n'kunena kuti, "Mawu awa ndi ethereal." Ine zaka zitatu ndili m'kwayamu, sanatsekepo maso.

Lachiwiri, 7 Malichi

Ndakaliona mu dikishonale ku laibulale. Akuti chinthu chopepuka, chokongola mosakhala ngati cha pansi pano, chonga cha mizimu kapena cha kumwamba. Chabwino. Wakumwambayo dzana anandibwereka sopo.

Ine a Mhango amati mawu anga ndi odalirika. Ngati wilibala.

Lachinayi, 9 Malichi

Nsanje, ndavomera. Ikundidya.

Kwaya yathu ilibe kiyibodi, ndiye kiyi ndimapereka ndine. Ndimang'ung'udza pang'ono, onse n'kuyambira pomwepo, palibe amafunsa. Lero ndinaganiza kuti nditaikweza pang'ono chabe, pa ndime yachitatu paja sangafikepo. Ndangoganiza basi.

Loweruka, 11 Malichi

Selina wabwera ndi nthochi. Akuti amayi ake akubwera ndi anzawo a chigwirizano kudzamumvera. "Asisi Peggy, ine nkhuopa chomene. Koma mukangopereka kiyi imwe, mtima umakhala pansi." Nthochizo ndadya ziwiri.

Lamlungu, 12 Malichi

Ndinaikweza.

Ndime ziwiri anayenda bwino, moti ndinayamba kupemphera kuti afike. Yachitatu mawu anasweka, kenako zii. Anyamata a kumbuyo anaseka. Amayi ake anaweramitsa mutu, akukonzakonza duku. A Mhango anandiyang'ana kamodzi, sindikudziwa ngati anazindikira.

Lolemba, 13 Malichi

A Mhango akuti sabata yamawa solo ndiyimbe ine, pakufunika munthu wodalirika.

Potuluka Selina anandidikira pa geti, maso ali otupa. Ndinati wadziwa, ndipo ndinakonzeka kuti anditukwane. Anandigwira dzanja.

"Pepani asisi. Munavutika kundiphunzitsa, ine ndakuchititsani manyazi. Ndasiya kwaya. Yewo pa zonse."

Minibasi ya ku tauni inaima, anakwera. Kondakitala anandifunsa kawiri ngati ndikupita. Ndinangoima.