Dalaiva wa Sikelo Wokana Kutuluka

Lolemba, 9 Juni

Wa golosale wina waimbanso kuti sikelo yake ikunama. Vuto ndi lomwe lija: dalaiva, kapulogalamu kolankhulitsa sikelo ndi kompyuta yake, anamumatirira mkati mwa kenelo, pulogalamu yomwe ndi mtima wa makina. Ukakonza kamzere kamodzi, uyenera kumanganso mtima wonse wa makina. Ndatopa nazo! Ndauza abwana kuti ndimusandutsa mojulo, azilowa ndi kutuluka makina ali chiyakire. Akatswiri, mkulu wa pantchito pano amene anamulemba kalekale, angoti, "Mwana wanga ameneyo, musamuthyole miyendo."

Lachiwiri, 10 Juni

Dalaiva walowa bwinobwino, sikelo n'kuyeza. Ndinavina pang'ono pampando.

Lachitatu, 11 Juni

Manyazi. Ndinaitana abwana kuti aone. Kulowa walowa, koma nditati atuluke, makina onse anangoti zii. Akatswiri anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Abwana akuti zikapanda kutheka pofika Lachisanu, ndibwerera kuchipinda chokonzera mapulinta. Ine? Kukachotsanso mapepala otsamwa? Mtima ukundiwawa.

Lachinayi, 12 Juni

Ndachipeza. Dalaivayu akamayamba amagwira memole, malo osungira zinthu m'kompyuta, ndi kanjira komwe sikelo imaitanirapo kenelo, koma palibe pamene amabweza. Ukamutulutsa, sikelo imaitanabe munthu woti wachoka, kenelo n'kukomoka. Ndawafunsa Akatswiri chifukwa chake sanalembe mbali yotsanzikira. Akuti, "Nanga ankapita kuti? Sindinamulembe woti azichoka."

Ndiye dzulo ankadziwa! Ankadziwa, n'kundisiya ndigwe pamaso pa abwana. Ndalemba ndekha mbali yobwezayo. Mawa akangotsegula pakamwa, ndiwayankha zoti sadzaiwala.

Lachisanu, 13 Juni

Kulowetsa, kutulutsa, kulowetsanso. Abwana anaika thumba la misomali pasikelo, inayeza zolondola. Kenako anatembenuka n'kugwira chanza Akatswiri. "Ntchito yanu sikalamba, achikulire."

Ndinaimirira, mawu onse ali okonzeka kale.

Akatswiri anachotsa dzanja lawo. "Ayi, bwana. Ine ndinalemba theka, theka lovutalo alemba ndi mayiwa. Mukawabweza ku mapulinta, mundiperekezenso ine."

Abwana anangoti, "Chabwino, akhala."

Ndinakhala pansi mawu anga ali m'kamwa. Masana onse Akatswiri anakokera mpando pafupi ndi wanga, akuwerenga mzere ndi mzere. Ine sikirini ndinaitembenuzira kwa iwo.