Kabokosi ka a Ezequiel

Canongola, Tete

Wokondedwa mwana wanga Luzia,

Moni kumeneko ku Ulóngwe. Uli bwanji? Miyendo ija yaphwa? Nanga chifuwa cha amayi ako? Kuno tili moyo, koma dzuwa la Tete ukulidziwa, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Akulemba ndi Dona Ofélia a kutchalitchi, koma mawu ndi anga. Ndawauza kuti asakometse kalikonse. Pa telefoni sindikanalankhula, chifukwa telefoni ya pakhomo pano ndi ya amuna ako, ndipo nkhani ndi ya iwowo.

Sabata yomwe unakwera chapa, kaminibasi kaja, kupita kwa amayi ako kukadikira nthawi yako, amuna akowo a Ezequiel anandipeza ndikupala matabwa. Anati ndiwakhomere kabokosi ka mlombwa, kutalika kuyambira pachigongono mpaka kunsonga kwa zala, kokhala ndi kazenera kutsogolo ndi zibowo zitatu m'munsi mwake. Ndinafunsa kuti ndi ka chiyani. Anangoseka, nati ndidzaona.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikukhoma zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro. Bokosi la msinkhu umenewo ndimalidziwa, ndipo ndikamalikhoma sindiimba mluzu. Komabe mkamwini sakanizidwa, ndinakhoma. Ndinalumikiza ndi mano okhaokha, popanda msomali ndi umodzi womwe.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse lopuma amadzitsekera kuchipinda. Munthu wokonza magetsi a zimakina za malasha ku Moatize, kufika pakhomo n'kumaseweretsa timawaya tonga tsitsi! Kachitsulo kamoto m'manja, kusungunula mtovu, kautsi konunkha kakutuluka pazenera. Timaphukusi timabwera kuchokera kwa mnzawo wa ku Francisco Manyanga, amene sanandipatsepo moni. Chakudya chimazizira pakhomo. Ndinkawamva akulankhula okha, nthawi zina kutukwana m'Chinyungwe, nthawi zina kuwomba m'manja.

Lamulungu lapitalo titachoka kutchalitchi, anakatulutsira pakhonde kuti ndikaone. Pakazenera paja aikapo galasi. M'zibowo muja aikamo mabatani awiri ndi kandodo ka mutu wofiira. Atayatsa, kanayamba kuimba. Anati ali mwana munali chimakina chotere m'kantini ina ku Nhartanda, koma iwo ankangoonerera anzawo akusewera, ndiye tsopano apanga chawochawo.

Usandiyese mbuli chifukwa choti sindinakhalepo pa benchi ya sukulu. Televizau ndimaidziwa, anthu ake ali ku Maputo, amabwera ndi mlongoti. Koma aka ndinakazungulira konsekonse, kalibe mlongoti. Ndiye woyenda m'katimo akuchokera kuti? Amakhala momwemo.

Ndipo woyendayo, Luzia, ndi iwe. Duku lako lachikasu lija, dengu la mbatatesi pamutu, uli chilili m'mbali mwa mtsinje. Amuna ako ananena monyadira kuti anakujambula kadontho ndi kadontho masabata atatu. Akakankha kandodo, iwe umalumphira pa zigogo za mitengo zoyandama kuti uwoloke. Ndinakuona ndi maso angawa ukuphonya, ng'ona n'kukutenga. Kanyimbo kanalira ngati kakuseka, iwe n'kuimanso pagombe. Anakugwetsa katatu, iwo akuseka, akuti ndi jogo, masewera chabe.

Kenako anati kabokosiko ndi ka mwana amene akubwera, kuti azidzasewera ndi amayi ake. Anatchula poyera, masana, pakhonde. Kwathu ngakhale kachipewa sitigula mlendo asanafike, ngakhale kumutchula sitimutchula. Manja angawa akhomera bokosi munthu amene sanabadwe, ndipo m'bokosimo mayi wake akumira.

Ndinadzigwira, ndinafunsa kuti iweyo umagona pati m'menemo. Anandionetsa kumbuyo kakhadi konga chikhadabo, nati zonse zili m'menemo.

Sindikunena kuti amuna ako ndi okhwima. Nsupa sindinaipeze, ngakhale ndafufuza mpaka kudenga la bafa. Koma munthu wochenjera saika nsupa poonekera. Ndiponso mwezi womwe uno awakweza kuntchito. Mwina ndi chibwana cha anthu ophunzira, amene amadziwa njira ya magetsi koma mwambo ayi. Mwina si chibwana. Ine sindidikira kuti ndidziwe.

Tsopano imva chimene ndachita, ndipo amayi ako usawauze.

Lachiwiri amuna ako atapita kuntchito, ndinatenga nyundo n'kulowa kuchipinda kwanu. Ine bambo ako, kuchipinda kwa mwana wanga wokwatiwa. Ndinayang'ana pansi, bedi sindinaliyang'ane. Ndinati ndikaphwanye, koma nditayatsa monga ndinawaonera, unali chilili pagombe paja, ukudikira. Ndikanamenya bwanji nyundo iwe uli m'kati? Ndinaona kuti ndiyambe ndakuwolotsa.

Zala zanga zinazolowera sowo, osati kandodo. Ndinakugwetsa, mwana wanga. Ndinawerenga mpaka khumi ndi kasanu, kenako ndinaleka kuwerenga. Ukagwa ndimapepesa mokweza, thukuta lili kamukamu. Dona Ofélia akuseka pano, ndawauza alembe zomwe ndikunena basi.

Dzuwa litapendeka ndinali nditazidziwa ng'onazo. Ziwiri zimabwera pamodzi chigogo chachitatu chikadutsa, ndiye pamenepo sufulumira, umadikira. Yachitatu ndi yachinyengo, imadziyesa chigogo. Ndinakudutsitsa zonsezo. Unaponda pouma, unatula dengu, unakweza manja. Pomwepo, kasanakubwezere m'madzi, ndinasolola kakhadi kaja. Ndakakulunga m'kansalu, kali m'chitini changa cha fodya, m'thumba la malaya, pamtima.

Amuna ako atabwera anapeza galasi lili bii. Anasesa nyumba yonse, anasefa ngakhale dothi la pakhonde ndi sefa yako ya ufa. Kenako anabwera kwa ine, nakhala pansi mwaulemu, nafunsa ngati ndinaona munthu akulowa. Ndinati ndinali kupala matabwa tsiku lonse. Anayang'ana chala changa chachikulu chimene chatupa. Chiyambire ndinali ndisananamizepo mkamwini. Tsopano timapatsana moni ngati anthu okumana pa siteji ya chapa.

Ndinkayesa kuti zatha. Koma dzulo ndawamva akuuza mnzawo uja pa telefoni kuti palibe vuto, wina ali mu kompyuta yawo kuntchito, Loweruka adzamuika m'kakhadi katsopano. Wina! Ali ndi a Luzia angati munthu ameneyu? Ndiye kuti Loweruka akubwezera tsidya lino, ng'ona zonse zili patsogolo pako, masiku ako atayandikira chonchi.

N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Sérgio oyendetsa chapa kuti akupatse m'manja mawa. Ukangowerenga, bwereka telefoni uwaimbire amuna ako. Uwauze kuti kakhadi ndinatenga ndine, poti ine pakamwa panga sizituluka. Usanene kuti ndapepesa, chifukwa sindinapepese. Uwauze kuti kabokosiko kasayake mpaka iwe utatuluka m'chikuta ndi mlendo m'manja. Tsiku limenelo kakhadi ndidzabweza, ndipo kabokosiko ndidzakapaka vanishi ndekha, chifukwa ntchito ya mkatimo, kunena zoona, si ya munthu waulesi.

Undiuzenso zoona: Lachiwiri lija unamva chilichonse m'thupi? Unalota madzi? Usandibisire poopa kuti ndidandaula.

Akakana kukumvera, uwauze kuti Loweruka andipeza nditakhala pakhonde, ndipo kandodo kaja adzagwira ndine. Iwowo amaseka ukagwa. Mu Canongola monse muno palibe wina amene amazidziwa ng'onazo ngati ine.

Mulungu akusunge iwe ndi chimene wanyamula, akufikitse bwino. Undiperekere moni kwa amayi ako, kwa azakhali ako a Odete ndi onse a pabwalo. Uziyenda pang'onopang'ono, ndipo kumtsinje utume ena.

Ndine bambo ako,
Custódio Nkhoma