Ndinaika Dzina la Mwana wa Eni mu Nthano

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno kutentha ndi kuja munakusiya. Mapira chaka chino anabereka, koma mbalame zinatithandiza kukolola. Madzi a Shire anafika pa mtengo wa masau uja n'kubwerera osalowa m'nyumba. Kwa mdzukulu wanu Fulansisiko kwabadwa mwana wamkazi, makutu ndi anu enieni. Amene akundilembera izi ndi mdzukulu wanu Esinati, uja munamusiya akukwawa. Lero ndi mphunzitsi pa sukulu ya pafupi ndi esiteti ya nzimbe. Nkhani ndabwera nayoyi ikumukhudza, n'chifukwa chake akulemba osandiyang'ana.

M'kalasi mwake muli ana a anthu amene anabwera kudzadula nzimbe: Asena, Amang'anja, Alomwe, Ayao, ngakhale Atumbuka. Kuti asamanyozane, amawakhazika mosakaniza, ndipo m'mawa uliwonse amapatsana moni m'chilankhulo china. Kenaka anaganiza zoti akuluakulu azibwera kudzakamba nthano. Woyamba kuitanidwa ndinali ine. Anati, "Baba, ikhale yophunzitsa ana kulemekezana." Ndinati zimenezo ndi zanga, asade nkhawa.

Ndinafika nthawi ya phala. Ana onse makapu m'manja, koma mnyamata mmodzi anangokhala pansi pa mtengo wa nimu, osadya. Ndinafunsa dzina, akuti Kasimu. Sindinafunsenso china.

Mukudziwa kakambidwe kathu ka ku Tengani, ndinu munandiphunzitsa: umatenga dzina la mmodzi wa omvera n'kuliika mu nthano. Kwathu umenewo ndi ulemu. Ana ankachita kulimbirana kuti muwatchule, ngakhale muwasandutse fisi. Ndiye ndinasankha nthano ija ya mlendo wonyada amene anakana chakudya cha eni mudzi, njala itamupweteka n'kupezeka m'khola akutafuna madeya a mbuzi. Mlendoyo ndinamutcha Kasimu. Ana anayankha "tili tonse" mpaka malata kunjenjemera. Ndinawaphunzitsa ndi nyimbo yake yomwe, yakuti wakana phala, wadya madeya. Ndinaona Esinati akundipukusira mutu, ine ndinayesa akuvinira.

Amayi, mwanayo anali m'mwezi wawo wosala kudya. Ndi Msilamu. Ndipo chinali chaka chake choyamba kusala tsiku lonse ngati wamkulu.

M'mawa mwake anapeza madeya m'chikwama chake. Nyimbo inamutsatira kumjigo, kubwalo la mpira, mpaka pakhomo pawo. Anasiya sukulu, chonsecho mayeso omaliza ali pafupi. Munkakonda kundiuza kuti, "Iwe, uziyamba wawayang'ana anthu usanayambe kuwaseketsa." Ndakalamba, tsitsi mbuu, koma osamva.

Esinati sanakwapule mwana aliyense. Ine ndikanakwapula, kuyambira ndi ine ndemwe. Iye anawaika m'magulu n'kuwauza kuti aikambenso nthanoyo ali mlendo uja. Anawafunsa kuti, "Ndani m'mudzimo anamufunsa chifukwa chimene sakudyera?" Panalibe. Kamtsikana kena kanati kwawo sadya nyama ya nkhumba, wina anati iye sadya mlamba chifukwa umamutulutsa ziwengo, wina anati agogo ake sathira mchere pa nthawi ya maliro. Ana anamva. Koma malo a Kasimu anali opanda munthu.

Kwa ine Esinati anangoti, "Baba, njira ya kumalayini a antchito a esiteti mukuidziwa."

Ndinapita masana, dzuwa likuswa mutu. Bambo ake a Kasimu anali atangoweruka, thupi lonse bii ndi phulusa la nzimbe zootcha. Munthu wadula nzimbe kuyambira mbandakucha osameza ngakhale dontho, milomo itang'ambika. Anandiyalira mphasa, n'kunditungira madzi ozizira a mumtsuko. Ndinati sindimwa. Iwo anati, "Imwani, agogo. Kusala ndi kwathu, ludzu ndi lanu." Ndinamwa, Amayi, akundiyang'ana. Sindinamwepo madzi ovuta kumeza ngati amenewo.

Ndinapepesa. Anati wolakwiridwa si iwo, n'kuitana mwana. Ndinati, "Mdzukulu wanga, ndichite chiyani kuti ubwerere?" Iye anati, "Muichotse nyimbo ija." Nyimbo imene yalowa mwa ana aang'ono ungaitulutse bwanji? Ndinamuuza zoona, kuti sindingathe. Iye anati, "Ndiye mubwere mudzakhale pansi pamodzi ndi anzanga. Wokamba ndidzakhale ine."

Ndinapita. Esinati anachotsa mpando umene anandikhazikapo ulendo woyamba. Ndinakhala pasimenti, mawondo akulira, pakati pa kamwana ka Chisena ndi ka Chitumbuka. Kasimu anaima kutsogolo. Sanakambe za fisi kapena mlendo. Anangofotokoza mmene amayi ake amamudzutsira kusanache kuti adye, mmene khosi limaumira pomwe anzake akumwa phala, ndi mmene madzi oyamba amakomera dzuwa likalowa. Ana anayamba kufunsa. Wina anati, "Ngakhale malovu sumeza?" Anaseka yekha mwini wake, anati amameza. Dzanja langa ndinalikweza ngati mwana aliyense, n'kudikira mpaka anandiloza.

Tsopano akupita kusukulu tsiku lililonse, ndipo mayeso alemba. Koma dzulo ndikudutsa pamjigo ndinamva tiana tating'ono, tosayamba n'komwe sukulu, tikuimba nyimbo ija popukusa madzi. Kasimu amene akumutchulayo samudziwa n'komwe. Mwini dzina anali pamzere ndi chigubu chake. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Ndikukulonjezani, Amayi, sindidzaikanso dzina la munthu wamoyo mu nthano ndisanamufunse. Ndipo pamjigopo ndizikakhala madzulo aliwonse, kuphunzitsa tianato nyimbo zina, mpaka iyi iiwalike kapena ine ndibwere kumeneko.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani.

Ndine mwana wanu,
Zuze