Amalume Sanamwalire

20 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi nkhani imene yakukwiyitsani: amalume sanamwalire. Ali moyo, ali gwa, ndipo pamene ndikulemba pano ali pampando wa malemu bambo, miyendo patebulo, akumwa tiyi wachitatu. Ndikudziwa kuti mawu awo munawamva kale pafoni, koma ine munandidulira ndisanafotokoze, ndipo milungu iwiri tsopano simukundiyankha. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa pepala silidula munthu mawu.

Amene anatisiya ndi Amalume ena aja, a kukhitchini. Firiji. Kodi mwakhalitsa kutali moti mwaiwala dzina limene munapereka inu nomwe? Ndikukumbutseni. Munthu wina anabwera nayo kwa bambo kuti aikonze, n'kunena kuti adzaitenga Lachisanu, ndipo Lachisanu lakelo silinakwane mpaka lero. Chaka chomwecho amalume enieni anabwera kudzacheza sabata imodzi, n'kukhala zaka ziwiri. Inu munayang'ana firijiyo, n'kuyang'ana amalume akuwodzera pakhonde, n'kunena kuti, "Awa ndi amodzi. Kudya kwambiri, mkonono, kuchoka ayi." Mayi anakuthamangitsani ndi kansalu kopukutira mbale, koma nawonso anali akuseka. Chiyambire tsiku limenelo palibe anaitchulanso firiji m'nyumba muno.

Ndiye Mayi atakulemberani kuti, "Amalume atisiya m'mawa uno, angokhala chete," sananame. Vuto n'lakuti inu simunafunse. Munalira, n'kulemba pagulu la abale, n'kuimbira akazi awo a amalume kuti muwapepese, foni n'kuyankhidwa ndi malemuwo. Manyazi anu ndikuwamvetsa, Achemwali, ndipo sindikuseka. Chabwino, ndinaseka pang'ono. Koma mlanduwu si wa Mayi, ndi wanga, ndipo ndiufotokoza kuyambira pachiyambi.

Mukukumbukira zimene munanena pafoni mwezi wa Epulo. Munati mayunitsi a magetsi amene mumagulira Mayi akutha masiku khumi ndi awiri m'malo mwa mwezi, ndipo simungakwanitsenso pamene alamu ali pakhomo kudikira ntchito. Munati Juni akatha zinthu zili chomwecho, Mayi abwere kwanu, nyumba tiikemo anthu a lendi. Sindikukuimbani mlandu, inu ndi amene mwanyamula khomo lino chimwalirire bambo. Koma simunaone zimene ndinaona ine mutadula foniyo. Mayi anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta tebulo loyerayera. Kenako anati, "Kumeneko ndikatsegula zenera ndizikapatsa moni ndani?" Mtima unandiwawa. Ndinawauza pomwepo kuti sachoka, nkhani ya mita aisiye m'manja mwanga.

Ndipo ndinali ndi chifukwa chodzidalira. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala kuseri kwa kauntala ndikugulitsa mawaya, mababu ndi masoketi, tsiku lililonse ndikuphunzitsa makasitomala kusamala magetsi. Nyumba ya mayi anga yokha ndi imene ndinali ndisanaiyang'anepo. Nditaiyang'ana ndinagwira pakamwa.

Mababu onse asanu ndi anayi anali akale aja, otentha moti ukhoza kuwothera manja. Bambo anagula katoni yathunthu kalekale, ndipo Mayi ankati kutaya babu loyaka ndi tchimo. Ndinawasintha onse n'kuika atsopano osatenthawa. Giza yotenthetsera madzi inkayaka tsiku lonse chifukwa cha munthu mmodzi wosamba kamodzi, ndiye ndinaiikira kawotchi koti iziyaka ola limodzi m'mawa basi. Ketulo ankaidzadza mpaka kukhosi pofuna kapu imodzi ya tiyi, ndinalemba mzere ndi penti ya zikhadabo kuti madzi azilekeza pamenepo. Kusita ankasita tsiku ndi tsiku, bulauzi imodziimodzi, tsopano timasita zonse Loweruka. Mapoto ndinawapezera zivundikiro zake, zimene zinali pansi pa sinki ngati zapuma pantchito. Ndinkayenda chipinda ndi chipinda, kuzula matchaja, kuzimitsa kanyali kofiira ka pa TV.

Mayi ankangonditsatira manja kumbuyo. Tsiku lina anati, "Tinkati ndiwe mzime poti ndiwe womaliza kubadwa. Sitinkadziwa kuti udzatizimitsira nyumba yonse."

Mwezi wa Meyi mayunitsi anafika masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Zinasintha ndithu, koma mwezi suthera pamenepo. Ndinadziwa kuti pali wina m'nyumba muno amene akudya mobisa. Ndinabwereka kwa abwana kachipangizo koyezera, kamene umalowetsa pasoketi n'kulumikizapo chinthu chimene ukuchikayikira. Ndinayeza wailesi, yosalakwa. Ndinayeza TV, yosalakwa. Nditafika pa Amalume, manambala anathamanga mpaka ndinaganiza kuti kachipangizoko kawonongeka. Ndinatenga pepala, kuliika pachitseko n'kutseka, pepala linangogwa lokha. Labala wa chitseko anatha kalekale, kuzizira konse kumatuluka, injini n'kumangolira osapuma. Ndipo mukudziwa zimene zinali m'katimo? Botolo la madzi, majarini, theka la anyezi ndi mankhwala a m'maso a Mayi. Chimphona chonse chija kulondera theka la anyezi!

Kushopu kunali kafiriji kakang'ono kophwanyika pakona, abwana anandigulitsa motchipa. Ndinabwera nako monyadira. Mayi anakayang'ana ngati mkazi wachiwiri.

"Kameneka kakhala kuti?"

"Pamene pali Amalume, Mayi."

"Amalume sachoka."

"Mayi, Amalume akutimaliza. Akudya kuposa nyumba yonse."

"Anayamba liti kudya, lero? Zaka zonsezi bwanji simunawathamangitse?"

Ndinawaonetsa manambala, ndinawaonetsa pepala lija likugwa, ndinatchula ngakhale dzina lanu. Anangoti, "Ndamva," n'kukalowa kuchipinda. Kafiriji kanakhala mukolido m'katoni yake masiku asanu ndi atatu, atakaphimba ndi nsalu n'kuikapo maluwa.

Apa ndi pamene ndiyenera kuulula. Lamlungu lija limene Mayi anakulemberani uthenga, m'mawa ndinadutsa kudzasiya buledi, ndipo ndinapeza Mayi ali kubafa. Ndinakokera Amalume patsogolo pang'ono, kumasula pulagi ndi sikuludiraiva ya m'chikwama changa, kuchotsa fuzi, kutseka, kubwezera pasoketi. Ntchito ya mphindi ziwiri. Khitchini inangoti zii. Fuziyo ndinaiponya m'thumba, ndinakuwa kuti, "Buledi ali patebulo!" n'kutuluka msanga. Ndinkati Mayi aganize kuti nkhalambayo yafa yokha ndi ukalamba. Ndinayenda mumsewu ndikudzitama kuti ndine wochenjera. Pasanathe maola awiri foni yanga inayamba kulira, abale akufunsa kuti maliro ali kuti.

Lachiwiri lake amalume enieni anatulukira pageti ndi chikwama. "Ndamva kuti ndamwalira," anatero, "ndiye ndabwera kudzaona ngati mwandilira mokwanira." Anawerenga mauthenga onse a pagulu mokweza, kuyamikira amene analemba zambiri, kudandaula amene anangoika kachithunzi ka misozi. Wanu anauwerenga kawiri, ndipo ati sankadziwa kuti mumawakonda chotero. Akuti akhala sabata imodzi.

Tsopano imvani nkhani imene ndikufuna muimvetsetse. Mayunitsi amene munagula pa 1 Juni akadalipo. Lero ndi pa 20, ndipo otsalawo atifikitsa kumapeto kwa mwezi n'kutsalako, ngakhale ketulo ikuwira kasanu patsiku chifukwa cha mlendo wathu. Ndajambula mita, chithunzi chili pafoni yanu ngati mungatsegule mauthenga anga. Zimene munapempha zachitika. Mayi sakuchoka, Achemwali. Pamenepa sindikupempha, ndikungokudziwitsani mwaulemu.

Ndikanatha kulekeza pamenepa, n'kusaina ngati ngwazi. Koma dzulo masana, amalume atapita kukameta, Mayi anandiitana kukhitchini. Patebulo panali kachitini kabuluu kaja ka bambo, kamene tinkaletsedwa kukhudza. Anakatsegula. Munali mafuzi okhaokha, atsopano, osanjidwa monga bambo ankasanjira.

"Khala pansi, mzime," anatero. "Ine ndakhala ndi wokonza mawailesi zaka makumi anayi. Chinthu chikasiya kuyaka, ukuganiza ndimayamba kuyang'ana pati?"

Anadziyankha okha.

"Ndinatsegula pulagi ndi mpeni m'mawa womwewo, usanafike n'komwe pamsewu. Fuzi ikapsa imada, imakhala pomwepo. Siituluka yokha kupita kokayenda."

Ndinati, "Pepani, Mayi."

"Ndinatenga ina m'chitinimu," anapitiriza. "Ndinaiika ndithu. Kunangotsala kumanga kasikuluwu. Ndiye ndinakhala pampando umene wakhalapowo, n'kudzifunsa kuti ndikufuna Amalume kapena ndikufuna nyumba yanga. Ndinaichotsanso."

Ndinawafunsa chifukwa chake ankakakamira chinthu chosunga theka la anyezi. Yankho lawo ndilemba monga analankhulira, chifukwa likukhudza tonse awiri.

"Bambo ako ali moyo, nyumba ino sinkakhala chete. Uku wailesi ikukhosomola, uku akuyesa sipika, uku akukangana ndi kasitomala. Atapita, masana ankatalika, mwanangu. Amene anatsala akulankhula ndi Amalume. Ndikalowa muno ankang'ung'udza, ine n'kumati, 'Mwaswera bwanji?' iwo n'kumapitiriza zawozo. Mkulu wako akaimba, funso loyamba ndi mita. Iwe ukabwera, usanakhale pansi, wapita pamita. Ndiye ndikanacheza ndi ndani?"

Achemwali, ndinalira. Ine amene ndinayeza chilichonse m'nyumba muno, mpaka tchaja ya foni, sindinadziwe kuti firiji ija inkagwira ntchito yathu. Ndipo uthenga uja sanaulembe mwangozi kapena mwanthabwala. Anaulemba ali pampando womwewo, misozi ikutsika, akufuna munthu mmodzi woti alire naye. Anasankha inu chifukwa ndinu amene munapereka dzinalo, ankati mukumbukira.

Musadzimve kulakwa nokha, tagawana. Ine ndachitapo kale kanthu. Ndauza eni nyumba kumene ndimachita lendi kuti mwezi uno ukatha ndikutuluka. Ndikubwerera kuno, m'chipinda chanu chakale, ndipo musadandaule, zithunzi zanu za pakhoma sindichotsa, ngakhale chija munameta nsidze. Kuntchito kutalikirako pang'ono, koma miyendo ndili nayo. Munthu mmodzi wowonjezera sasuntha mita kwambiri, ndawerengera kale, ndipo pa phokoso mukundidziwa, Amalume sangandipose.

Amalume a kukhitchini sitinawataye. Ali pamalo pawo pomwe, tawatsuka, tachotsa chingwe, ndipo m'mashelefu mwawo Mayi asanjamo zida za bambo: mapulayala, chowotcherera mawaya, kachitini kabuluu kaja. Kafiriji katsopano kali pambali pawo. Mayi akuti n'kamwano, sikayankha moni, koma dzulo ndinawamva akukatcha Kamphwake.

Pempho langa ndi limodzi. Imbani Lamlungu likubwerali masana, nthawi imene nyumba imakhala chete. Mukandikalipira ine ndilandira, ndinachita kuzifuna. Koma muyambe mwalankhula ndi Mayi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti tikuwakumbukira m'mapemphero pa nkhani ya ntchito, ndipo mwezi wamawa muchepetse zimene mumatumiza, zikwana. Ana muwapsompsone, wamkuluyo mumuuze kuti azizimitsa nyali akatuluka m'chipinda, apo ayi ndibwera ndi sikuludiraiva. Amalume enieni akupereka moni wochokera kwa akufa, ndipo akufunsa ngati nkhata ya maluwa imene munalonjeza pagulu ingasinthidwe kukhala nsapato, saizi naini.

Mayi ali pambali panga pano, akuti ndiwawerengere zimene ndalemba, ndawawerengera zina n'kudumpha zina. Moni wawo ati ndilembe ndendende, ndiye nawu: "Umuuze mkulu wako kuti sindinakwiye. Akaimba ayambe ndi 'mwaswera bwanji', za mita zibwere pambuyo."

Mu envelopumu mupezamo kanthu kakang'ono kokulungidwa m'pepala, musakataye poganiza kuti ndi chinyalala. Ndi fuzi ija. Ndinaitulutsa m'thumba kuti ndiibwezere m'chitini, koma Mayi anakana. Ati itumizidwe kwa inu, poti pa ana awo onse ndinu nokha amene munawalira Amalume tsiku lomwelo.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Mzime